Ba Kapembwa ndi Mazenera Osatseguka

Ba Kapembwa tinawaika m'manda mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tchalitchi cha ku Chilenje chinadzaza mpaka pakhomo, amayi akudzikupiza ndi mapepala a pulogalamu, ife a ku ofesi titakhala kumbuyo zovala zakuda zitatimatirira m'thupi. Ndinali nditatopa kale mwambo usanayambe. Kunena zoona ndakhala wotopa kuyambira chaka cha chilala chija, ndipo imfa yawo inangowonjezera pamwamba.

Mbiri yawo anawerenga ndi Ba Sakala, amene anayambitsa nawo limodzi kampani yathu ya mainjiniya. Anatchula zipatala, masukulu ndi maofesi amene malemu anagwirapo ntchito, ndipo atafika pa nyumba ya magalasi ya ku Kabulonga mawu awo anakwera, akunena monyadira kuti inalandira satifiketi yosonyeza kuti siwononga magetsi. Ndinayang'ana kutsogolo kumene kunakhala Bana Mwila, mkazi wa malemu, ndipo ndinaona akuweramitsa mutu. Tonse awiri tinkadziwa kuti malemuwo akanamva akanalanda pepalalo. Nyumba imeneyo mazenera ake satseguka ndi limodzi lomwe, ndipo amene anasaina lipoti lovomereza zimenezo ndi Ba Kapembwa. Zaka zawo zomaliza zinathera poyesa kuti mazenerawo asinthidwe.

Ndifotokoze kaye ntchito yathu, chifukwa ngakhale mayi anga ku Kabwata mpaka lero amauza anzawo kuti Misozi amakonza mafiriji. Nyumba yaikulu isanamangidwe, ife timayamba taimanga m'kompyuta. Timaigawa m'zigawo zomwe timati mazoni, kuika pamodzi zipinda zomwe zimatentha ndi kuzizira mofanana. Timauza kompyutayo kuti khoma ndi lotani, galasi ndi lotani, mudzakhala anthu ochuluka bwanji, ndipo makina oziziritsa mpweya, aja timangoti eyakoni, ndi amtundu wanji. Kenako timaipatsa nyengo ya Lusaka ya chaka chathunthu, iyo n'kutiuza magetsi amene nyumbayo idzadye. Zonsezi pamodzi timazitcha modelo. Magetsiwo akapitirira muyezo umene obwereketsa ndalama akunja amafuna, satifiketi palibe, ndipo nyumba yopanda satifiketi mabungwe akuluakulu saichita lendi. Modelo ikakhoza, injiniya wamkulu amasaina.

Ife amene tinaphunzira zimenezi kusukulu tinkagawa mazoni poyang'ana pulani: zipinda zakum'mawa uku, zakumadzulo uko, zapakati pazokha. Ba Kapembwa ankayamba ndi funso lina, loti m'chipindamo mudzakhala ndani. Ankakonda kunena kuti zoni si makoma ayi, koma ndi anthu amene adzakanganirane limoti imodzi ya eyakoni. Maofesi a Lusaka ankawadziwa ngati m'nyumba mwawo. Ankadziwa kuti limoti imakhala m'dilowa ya abwana, kuti abwanawo amaitsitsa mpaka pozizira penipeni iwo atavala jekete, pomwe sekeletale pachitseko pomwepo wafunda chitenje m'miyendo ndipo wayatsa hita pansi pa tebulo.

Sabata yanga yoyamba pantchito anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, akupuma mokoka, kenako anagogoda galasi la kompyuta ndi chala.

"Ba Misozi, hita ya ba sekeletale ili kuti mu modelo yanu?"

"Mulibe, ba injiniya. Pulani siionesa hita."

"So nyumba yanu mulibe bantu. Yambaninso."

Ndinayambanso, ndikung'ung'udza chamumtima. Ndinapitiriza kung'ung'udza zaka zambiri, ndipo si nthawi zonse pamene iwo ankakhala olondola.

Anali munthu wovuta, tisanamizane. Maliro amafewetsa anthu, koma ine ndinakhala nawo m'chipinda chimodzi ndipo ndikukumbukira. Ankachedwetsa ntchito chifukwa cha kachipinda kamodzi kosungiramo matsache. Ankawanena pamaso akatswiri ojambula nyumba kuti masiku ano sajambulanso nyumba koma mabotolo. Magetsi a dzuwa anawanyoza kwa zaka, ati ndi zidole za anthu a ku Kabulonga, mpaka tsiku lina tinangoona mapanelo padenga la nyumba yawo, ndipo palibe amene analimba mtima kuwafunsa. Kompyuta anaiphunzira imvi zili mbuu, akulemba ndi zala ziwiri, ndipo ikachedwa ankaikalipira m'Chibemba ngati mwana wosamva. M'thumba la shati simunkasowa kachidutswa ka tishu. Akalowa m'chipinda chilichonse ankakanyamula m'mwamba pafupi ndi pamene mpweya umatulukira, n'kuyang'ana ngati kakugwedezeka. Ankachita zimenezi kubanki, kuchipatala, ngakhale paukwati wa mwana wa Ba Sakala, akwati akudula keke.

Kwawo ku Chilenje anakana kuika eyakoni. M'malo mwake anaboola siling'i ndi denga mwaluso lawo kuti mpweya wotentha uzitulukira pamwamba, ndipo nyumbayo inalidi yozizira bwino. Koma mvula yoyamba yamphepo inalowera pomwepo n'kunyowetsa mipando yatsopano. Bana Mwila ankasimba nkhaniyi mlendo aliyense akabwera.

"Bashi Mwila aba," ankatero akuwaloza ndi chibwano, "manyumba ya bantu bamakonza, yao bamaboola."

Iwo ankangoseka n'kupitiriza kumwa tiyi.

Zoti mtima wawo pa mpweya unachokera kuti ndinazidziwa mochedwa, chifukwa za kale sankazikamba kawirikawiri. Anabadwira cha ku Mbala, ndipo ali mnyamata anapita ku migodi ya ku Kopala, kumene anaphunzira ntchito yotumiza mpweya pansi pa nthaka. Tsiku lina ali pansipo chikupizo chachikulu chinaima. Palibe amene anafa, ndipo sanafune kuti nkhaniyo imveke yaikulu kuposa mmene inalili. Chimene ankakumbukira ndi bata limene linagwa phokoso la chikupizocho litasiya, ndi mmene amuna akuluakulu anasiyira kulankhula, aliyense akumvetsera kupuma kwake. Anatuluka chifukwa mgodiwo unali ndi njira ina imene mpweya unkalowera wokha. Kuyambira pamenepo lamulo lawo linali loti paliponse pokhala anthu, mpweya ukhale ndi njira ziwiri, ya makina ndi ina yosadalira makina.

Ntchito ya nyumba ya magalasi inabwera nthawi imene kampani yathu inali itauma. Miyezi inali itadutsa popanda ntchito yooneka, ndipo Ba Sakala anali atayamba kuyenda mozemba maso athu. Ndiye itabwera tinasangalala tonse, ngakhale Ba Kapembwa. Inali nyumba yosanjikizana ya maofesi, galasi kuchokera pansi mpaka pamwamba, losalala popanda chotchinga. Galasilo linali labwino kwambiri, la magawo awiri, loletsa kutentha kwa dzuwa, ndipo makina a eyakoni anali amakono, osadya magetsi ambiri. Modelo ndinapanga ndine. Inakhoza bwinobwino ulendo woyamba womwe, ndipo ndinapita kukawaonetsa ndili ndi kamatama.

Anayang'ana zoni ya chipinda chapamwamba penipeni, mbali yakumadzulo, holo yaikulu imene imayang'anizana ndi dzuwa la masana pomwenso denga lili pamutu pake.

"Malaiti yakayenda, aba bantu bazapuma bwanji?"

Ndinawauza kuti pulogalamuyo ilibe malo olembapo kuti magetsi azima. Malamulo a satifiketi analembedwa kumaiko kumene magetsi sathima, ndiye amangotenga kuti makina adzayenda nthawi zonse. Sanandikhulupirire. Anakoka mpando, ndipo tinafufuza limodzi tsamba ndi tsamba mpaka anakhutira kuti malowo palibedi. Anavula magalasi awo n'kuwaika patebulo.

Anandiuza kuti ndiike mazenera otseguka m'zoni imeneyo ndi zinzake zapamwamba. Nditatero modelo inalephera, chifukwa malamulowo amati zenera likakhala lotseguka, anthu adzalisiya pululu eyakoni ikuyenda, magetsi n'kumangotayika. Apo Ba Kapembwa anavomera kuti azungu aja anthu akuwadziwa. Njira inalipo: kuika kaswichi pazenera lililonse koti likatsegulidwa eyakoni ya m'zoni imeneyo izizima yokha. Titaika zimenezo modelo inakhozanso. Koma zinkafuna mafelemu ena, galasi lina, ndi kuchedwa kwa miyezi, pomwe mwini nyumba anali atatsala pang'ono kuitanitsa galasi lake losalala lija.

Makalata anayenda, misonkhano inachitika, palibe chinasintha, ndipo galasi linabwera n'kuikidwa lipoti lomaliza lisanasainidwe. Apo ndi pamene Ba Kapembwa anachita chinthu chimene anthu a ntchito yathu amachikambabe. Anaitanitsa msonkhano pamalo omanga pomwepo, m'holo yapamwamba ija, masana a mwezi wa Okutobala. Magetsi anali asanalumikizidwe. Anakonza mipando yapulasitiki pafupi ndi galasi lakumadzulo, ndipo tonse titalowa anatseka chitseko.

Tinalipo ine, Ba Sakala, mwini nyumba atavala suti yake, ndi katswiri wojambula nyumbayo.

"Ba Kapembwa, mwatiitanila chani kuno?" anafunsa mwini nyumba. "Ku ofesi kwanga kuli eyakoni."

"Nkalani chabe, mukwai. Apa ndiye pamene bazankala bantu banu."

Anatsegula lipoti n'kuyamba kuwerenga mokweza kuchokera patsamba loyamba, pang'onopang'ono, osadumpha ngakhale mutu wankhani. Poyamba tinkaseka chamumtima. Kenako mwini nyumba anavula jekete. Kenako anamasula tayi. Wojambula uja anayamba kudzikupiza ndi pulani yake yomwe. Ine thukuta linkatsika kumsana, mutu ukuyamba kugunda, ndipo mpweya unali utayamba kununkha penti ndi anthu. Mkuluyo ankangowerenga, thukuta likudontha pachibwano kugwera papepala.

"Chakwana, ba injiniya," anatero mwini nyumba. "Tamvela. Koma tili na jenseti ya dizilo."

"Jenseti yanu naiona mu pulani. Ni ya malifiti, magulobu na makompyuta. Eyakoni siingakwanise."

"Malaiti yamayenda pang'ono chabe. Bazapilila."

"Bazapilila bandani? Imwe muzankala pa velanda kunyumba kwanu."

Ba Sakala anatsokomola. Wojambula anayamba kufotokoza kuti mafelemu a mazenera adzaononga nkhope ya nyumbayo, koma mwini nyumba anamuletsa ndi dzanja. Sanali munthu wopusa, ndipo sanakwiye. Anapukuta kumaso n'kutembenukira kwa ine.

"Ba Misozi, modelo ikamba chani? Mwamene nyumba ilili apa, ipasa olo siipasa?"

"Ipasa," ndinayankha, chifukwa inkakhozadi.

"Ba Kapembwa, mu lipoti iyi muli boza?"

Mkuluyo anatseka lipoti lija.

"Mulibe."

"So sainani, mukwai. Nchito yanu ni iyo."

Mwini nyumba anatsegula yekha chitseko, ndipo tinatsika masitepe. Anthu akamasimba nkhaniyi amathera pamene mwini nyumba anavula tayi, n'kuseka. Ine ndinalipo, ndipo sinathere pamenepo.

Ba Kapembwa anakana kusaina kwa milungu ingapo. Iwo ndi Ba Sakala, anthu amene anayamba limodzi ndi tebulo limodzi m'kachipinda ka m'tauni, anakalipirana chitseko chili chotseka, ife tikumva zonse. Ba Sakala ankati injiniya amasaina zimene malamulo afunsa, osati zimene mtima wake ukuopa, ndipo akakana, lipotilo lidzasainidwa ndi wina mawa lomwe, mazenera n'kukhalabe otseka, koma ana a mu ofesi muno n'kupita kunyumba. Sindingawanene kuti ankanama. Ba Kapembwa masiku amenewo ankangokhalira kufufuza modelo yanga, kufuna kupezamo cholakwa choti akanire nacho. Sindinaonepo munthu akulakalaka kuti wophunzira wake akhale atalakwitsa ngati mmene iwo ankalakalakira. Cholakwa sanachipeze.

Anasaina m'mawa wina wamba, tiyi ali pambali. Kumapeto anawonjezera tsamba lochenjeza za kuzima kwa magetsi, koma oyendera lipoti akunja analibweza, ati silili m'ndondomeko yawo. Atadinda chidindo anandipatsa lipotilo osandiyang'ana.

"Pelekani, mayo. Ni yazoona."

Sindinamvepo mawu oti zoona akunenedwa mwachisoni chotero.

Nyumbayo inatha, ndipo inali yokongoladi. Anthu ankaima kujambulitsa patsogolo pake. Satifiketi anaiika m'felemu pamalo olandirira alendo. Ba Kapembwa sanapite kumwambo wotsegulira, ndipo kuyambira pamenepo msewu umenewo anausiya. Tikamapita ku Woodlands kukaona ntchito ina ankazungulira njira yaitali, n'kumanamizira kuchuluka kwa magalimoto ngakhale msewu uli mbee. Mu ofesi anayamba kuchepa mawu. Modelo ukawapatsa ankangoiyang'ana pamwamba n'kugwedeza mutu, ndipo ine amene ndinkadandaula ndi mafunso awo ndinayamba kuwasowa. Posapita nthawi anapuma pantchito, miyendo itayamba kutupa.

Kenako kunabwera chilala, madzi n'kuphwera ku Kariba. Aliyense wa mu Lusaka akudziwa mmene tinakhalira, sindikufuna kubwereza. Magetsi ankabwera ngati mlendo wodutsa. M'holo yapamwamba ija munali mutalowa kampani ina yoyankha mafoni a makasitomala, ndipo ogwira ntchito ambiri anali atsikana, atakhala m'mizere, zomvera zili m'makutu. Jenseti inkayendetsa makompyuta ndi magetsi owunikira monga mmene inakonzedwera, ndiye ntchito sinkaima. Chimene chinkaima ndi mpweya.

Ba Kapembwa anazimva m'nyumba mwawo momwe. Mtsikana wina wa kutchalitchi kwawo, dzina lake Chanda, ankagwira ntchito kumeneko, ndipo tsiku lina anabwera kudzacheza ndi Bana Mwila. Ali kukhitchini anayamba kusimba mmene amavutikira: kuti masana amanyowetsa mataulo n'kuika m'khosi, kuti anabweretsa mafani koma amangozunguza mpweya wotentha womwewo, kuti mnzake woyembekezera anakomoka pampando mpaka anamunyamula kutsika naye masitepe. Sankadziwa kuti akulankhula m'nyumba ya ndani.

"Bamene banapanga ija nyumba, mami, Mulungu abakululukile chabe," anatero Chanda. "Olo ka windo kamozi!"

Bana Mwila anandiuza kuti anayesa kusintha nkhani, koma amuna awo anali pabalaza, chitseko chili chotsegula. Madzulo amenewo sanadye.

Ba Kapembwa anandiimbira foni kuti ndipite ndi laputopu. Ndinkayembekezera kuti ndikamva mawu oti ndinanena ine, ndipo ndinali wokonzeka kuwalandira, chifukwa anali ndi ufulu wowanena. Sanawanene tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ndinawapeza atakhala pakhonde, miyendo ili pampando wina, nkhope itagwa.

"Mwana wa bene anakomoka," anatero. "Zina yanga ili paja."

Ndinayesa kuwatonthoza kuti lipoti linali loona, kuti wina aliyense akanasaina. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Wina aliyense sanankalepo pansi pa mugodi, Ba Misozi. Ine nenze kuziba."

Tinatsegulanso modelo yakale ija. Kwa miyezi ndinkapita ku Chilenje Loweruka lililonse limene ndikanatha, batire ya laputopu nditaidzaza ku ofesi, ndipo tinkayesa njira zosiyanasiyana: kusintha magalasi onse a kumadzulo, kusintha limodzi mwa angapo, kuboola pamwamba pa masitepe kuti mpweya wotentha uzikwera. Galasi lamtundu umenewo silidulika, ukaliboola limasweka lonse, ndiye njira inali yochotsa chigawo chathunthu n'kuikapo china chokhala ndi zenera. Anachepetsa, anachepetsanso, mpaka anapeza mazenera ochepetsetsa amene akanapatsa holoyo mpweya wodutsa popanda kutaya satifiketi. Masiku amenewo mafunso awo anabwerera, ndipo anayambanso kundikalipira. Ndinasangalala nazo kuposa mmene ndingafotokozere.

Anapita okha kwa mwini nyumba, atavala suti imene inali itayamba kuwakulira, akuyenda ndi ndodo. Mwini nyumbayo anawalandira mwaulemu, anawapatsa madzi ozizira, anamvetsera zonse. Yankho linali loti nthawi ndi yovuta, dizilo akudya chilichonse, aone kaye mvula ikagwa. Anapitanso kachiwiri, ndipo ulendo uno anangoonana ndi wothandizira. Kampani ya mafoni ija inatopa n'kusamukira kwina. Mvula inagwa, magetsi anayamba kukhalitsa, ndipo nkhani ya mazenera inangozilala yokha, monga zimazilalira nkhani zambiri m'tauni muno. Ine ndinakwiya, kenako mkwiyo unatha, n'kutsala kutopa.

Iwo sanaileke. Ankati chilala chidzabweranso, ndipo m'holomo mudzalowa ana a anthu ena amene sakudziwa kanthu. Analemba makalata, anapempha Ba Sakala kuti akalankhule, ndipo Ba Sakala anapitadi, ndiwachitire umboni, koma anabwerako chimanjamanja. Anthu awiriwa anayanjananso chakumapeto, ngakhale nkhani imeneyi sankaikhudza akakhala pamodzi. Ankangokamba za mpira ndi za anzawo amene anatsogola.

Ulendo wanga womaliza ndinawapeza ali gone, atachepa thupi, kupuma kukuvuta. Madokotala anati ndi mtima. Bana Mwila anandilowetsa n'kundinong'oneza kuti ndisawatopetse. Mkuluyo anatsegula maso, ndipo anandizindikira.

"Shani, mayo."

"Bwino, ba injiniya. Mumvela bwanji?"

Iwo anabweza ndi funso lawo.

"Baika?"

Ndikanatha kunama. Bana Mwila anali kumbuyo kwanga, ndipo ndikuganiza kuti ankafuna ndiname. Koma munthu ameneyu anandiphunzitsa ntchito, ndipo akanandifunsa kuti aika mazenera angati, mbali iti, mafelemu amtundu wanji.

"Sibanaike."

Anatseka maso n'kugwedeza mutu pang'ono.

"Nalema," anatero. Kenako anawonjezera, "Modelo muisunge."

Anamwalira patapita masiku ochepa.

Maliro atatha, Ba Sakala anandiitana mu ofesi mwawo. Anati mwini nyumba wapeza bungwe lina lofuna kulowa m'holo yapamwamba ija, ndipo akufuna modelo ikonzedwenso kuti satifiketi ipitirire. Ndinafunsa ngati za mazenera zilimo. Anayang'ana pawindo la ofesi yawo n'kunena kuti tiyambe tapima kaye, zinazo tidzayesa kuzikamba. Nawonso akalamba, ndipo ndinaona kuti alibenso mphamvu zokangana ndi munthu.

Ndinapita masana. Mlonda anakwera nane, anatsegula chitseko cha holoyo, iye n'kutsalira panja.

"Muzachedwa, madamu? Muno simunkalika."

Eyakoni ya m'zoni imeneyo anaizimitsa kalekale poti mulibe ochita lendi. Kutentha kunandilandira pakhomo pomwepo, kolemera, konunkha kapeti ndi fumbi. Matebulo anachotsa, koma mizere yake inatsala pakapeti, ndipo mawaya ankatuluka pansi m'malo mmene munkakhala munthu aliyense. Pakona panali fani yothyoka khosi, mabotolo amadzi opanda kanthu, ndi kataulo kouma gwa kamene wina anakaiwala pa chitsulo. Ntchentche zakufa zinali ndandanda m'munsi mwa galasi.

Ndinayamba kupima kuchokera kuchitseko, ndikulemba, mpaka ndinafika kukhoma lakumadzulo. Dzuwa linali litapendeka, ndipo kuwala kwake kunaonetsa zimene sindikanaziona nthawi ina. Galasi lonselo, kuyambira kumapeto kuno mpaka uko, linali ndi zidindo za manja. Zinali pamsinkhu wa pachifuwa, zambiri zazing'ono, zina zala zokha, zina chikhatho chonse, ndipo zinachulukira m'mphepete mwa galasi lililonse, pamene munthu amayembekezera kupeza chogwirira. Anthu amenewa ankadziwa kuti silitseguka, anakhalamo miyezi, komabe ankabwera kudzakankha.

Kunja, pansi, mitengo ya m'mipanda ya Kabulonga inkagwedezeka kwambiri, ndipo zovala zinkauluka pachingwe kuseri kwa nyumba ina. Kunali mphepo yabwino tsiku limenelo. Ndinaima pamenepo ndikuiyang'ana, thukuta likulowa m'maso, mpaka mlonda anandiitana kuchokera kuchitseko.